Sitima yonyamula kamba ndiyo mwini ulendo

Alamu anga amayendetsa thankala ya mafuta pa msewu wa ku Dar es Salaam. Akanyamuka kuno ku Lusaka timadzawaonanso patapita masabata awiri, nthawi zina atatu ngati pa Nakonde pali mzere. Lamlungu lina atangofika kumene tinakhala pakhonde kwathu ku Matero, magetsi atapita monga mwa chizolowezi, ndipo mwana wanga wachisamba anabwera ndi foni kudzatisonyeza kanema. Inali sitima yankhondo ya dziko la America, ija yaikulu ngati mudzi, ndege zikunyamuka pamsana pake imodziimodzi, utsi uli tolo. Mnyamatayo maso ali tong'o.

Alamu analandira foniyo, kuiyang'ana osayankhula, kenako anafunsa kuti, "Mafuta a zimenezi amabwera nawo ndani?"

"Iyi siifuna mafuta, amalume. Imayendera nyukiliya."

"Ndegezo nazonso zimamwa nyukiliya? Nanga anthu ali m'katimo, nsima yawo ndi nyukiliya?"

Mwana anangoseka, yankho analibe. Inenso ndinaseka, koma funsolo linandikhala mumtima mpaka lero. Mnyamatayo sananame, injini ya sitima yotere imatha zaka zoposa 20 osaithira kanthu. Koma m'katimo muli anthu pafupifupi 5,000 amene amadya katatu pa tsiku, ndipo ndege zili pamwambazo zimamwa mafuta ngati zalodzedwa.

Yankho la funso la alamu lilipo, kungoti sililowa mu kanema. Pambuyo pa sitima ngati imeneyo pamayenda ina yotuwa, yosasangalatsa m'maso, yodzaza mizati, zingwe ndi mapaipi akuda olendewera ngati matumbo a mbuzi pa butchala. Ilibe mizinga yoti munthu n'kuithawa. Ntchito yake ndi kusenza dizilo wa sitima zinzake, mafuta a ndege, madzi akumwa, ufa, nyama, mankhwala, zipolopolo, zitsulo zosinthira pa injini, ngakhalenso makalata ndi timaphukusi tochokera kunyumba. Kwathu ku Katete munthu akamanyamuka ulendo wautali amamukonzera kamba: mbatata yootcha, chimanga chokazinga, nsawawa m'kansalu. Sitima zimenezi ine ndizitcha choncho, sitima za kamba.

Maganizo anga ndi akuti mphamvu ya dziko panyanja tisamaiyeze powerenga sitima zake zankhondo. Tiwerenge sitima za kamba, ndi zingati mwa izo zingathe kunyamuka mawa m'mawa. Ndipitirira pamenepo n'kunena chinthu chimene ena mutseke nacho foni: ife a kum'mwera kwa Africa tiyenera kusonkherana sitima imodzi yotere, ndipo Zambia, dziko lopanda gombe, aponyemo yake.

Tiyambe ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira, poti ambiri timaganiza kuti sitima imaima ngati minibasi pamalo omwetsera mafuta. Siima. Sitima ikaima pakati pa nyanja chiwongolero sichimvanso, mafunde ndiwo amaitembenuza mmene afunira. Ndiye zonse ziwiri zimakhala zikuyenda, pa liwiro la makilomita pafupifupi 24 pa ola, longa la njinga ya malasha ikamatsetsereka. Ya kamba imagwira njira imodzi osakhota, yolandira imabwera cham'mbuyo n'kudzafika pambali pake, mpata wa pakati pawo osaposa theka la bwalo la mpira. Taganizani, zitsulo ziwiri zolemera matani masauzande ambiri, chilichonse kutalika ngati mabwalo a mpira awiri kapena atatu, zikuyenda mogundana mapewa. Madzi othamanga pakati pawo amazikoka kuti zikumane, ndiye wogwira chiwongolero sayenera kuphethira.

Zikalingana, mmalinyero mmodzi amawombera mfuti, koma chotuluka si chipolopolo. Ndi kachingwe kopepuka kamene kamakagwera pa sitima inayo. Kachingweko kamakoka chingwe chokulirapo, icho n'kukoka chingwe chachitsulo, ndipo pachingwe chachitsulocho ndi pamene paipi yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu imatsetsereka mpaka kukalowa pakamwa pa thanki ya sitima inayo. Pali makina amene amakoka kapena kumasula chingwecho malinga ndi mmene sitima zikupendekera, kuti chisaduke komanso chisagwere m'madzi. Pa zingwe zina pamadutsa mabokosi a zakudya ndi mabomba akulendewera pamwamba pa mafunde. Nthawi yomweyo helikoputa imakhala ikunyamula katundu wina m'maukonde. Sitima ya kamba imatha kuyamwitsa ziwiri nthawi imodzi, ina kumanja ina kumanzere, ngati nkhumba yaikazi. Ntchitoyi imatenga maola, usana kapena usiku, ndipo aliyense amakhala ataphunzira kumasula zonse mwachangu ngati mdani watulukira kapena injini yazima. Asilikali a America ali ndi kamwambo kakuti akamaliza, sitima yolandirayo imaliza nyimbo yake pa masipika pamene ikupatuka. Ndimakakonda kamwambo kameneka, n'chimodzimodzi munthu woimba mluzu atakhuta.

Alamu nditawauza kuti sitima za Britain za mtundu wa Tide zimanyamula malita pafupifupi 19 miliyoni iliyonse, anawerengera pa zala. Thankala yawo imanyamula malita 35,000. Ndiye kuti sitima imodzi ndi mathankala oposa 500. Anangoti, "Mzere umenewo ungayambire pa Nakonde mpaka kuti?"

Tsopano taonani chimene chimachitika sitima imeneyi ikasowa. Mu Seputembala 2024, sitima ya mafuta ya America yotchedwa Big Horn inagunda pansi pafupi ndi gombe la Oman, chiwongolero n'kuwonongeka, madzi n'kulowa. Palibe anafa. Koma inali yokhayo imene inkamwetsa gulu lonse la sitima yonyamula ndege ya Abraham Lincoln m'dera limenelo, pa nthawi imene ku Middle East kunali kutatentha. Dziko limene limawononga ndalama zambiri pa zankhondo kuposa lina lililonse linayamba kusakasaka kopeza mafuta a ndege zake chifukwa cha sitima imodzi yokalamba. Sitima za mtundu wa Big Horn zinayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1980. Zatsopano zake, za mtundu wa John Lewis, yoyamba inaperekedwa mu 2022 ndipo akufuna 20, koma zikubwera pang'onopang'ono. Chodabwitsa china n'chakuti ogwira ntchito m'sitima zimenezi ambiri si asilikali, ndi anthu wamba olembedwa ntchito ndi bungwe la Military Sealift Command. Chaka chomwecho cha 2024 bungwelo linakonza zoimika sitima 17 chifukwa chosowa anthu. Sitima zilipo, mafuta alipo, wokwera palibe.

Britain ndiye nkhani yake imachititsa manyazi pang'ono. Anamanga sitima ziwiri zikuluzikulu zonyamula ndege, Queen Elizabeth ndi Prince of Wales, pa mtengo woposa mapaundi 6 biliyoni. Koma sitima yosenza zakudya ndi mabomba yoziperekeza anatsala nayo imodzi yokha, Fort Victoria, imene inayamba ntchito mu 1994. Pamene Prince of Wales ananyamuka ulendo wa ku Asia mu 2025, Fort Victoria sanathe kupita, ndipo sitima ya Norway yotchedwa Maud ndi imene inawaperekeza mbali ya ulendowo. Zatsopano zitatu anasainira mu Januwale 2023 pa mapaundi 1.6 biliyoni, koma yoyamba siikuyembekezeka kugwira ntchito zaka za m'ma 2030 zisanakwane. Mu Ogasiti 2024 akuluakulu a m'sitima za kamba za Britain, za bungwe la Royal Fleet Auxiliary lomwe linayamba mu 1905, ananyanyala ntchito koyamba m'mbiri yawo chifukwa cha malipiro. Canada sitima yake ya kamba, Protecteur, inapsa mu 2014, n'kuyamba kubwereka za Chile ndi Spain. Australia ali nazo ziwiri zatsopano, Supply ndi Stalwart, ndipo mu 2024 zonse zinali pa doko zitawonongeka.

Chifukwa chake n'chiyani mayiko olemera chonchi amagwa m'dzenje limodzimodzi? Ine ndikuti ndi matenda omwe aja timawaona pa maliro. Mwambo ukatha anthu amakamba za bokosi, za nkhata zamaluwa, za galimoto imene apongozi anabwera nayo. Palibe amatchula amayi amene anadzuka 4 koloko kukatunga madzi m'migolo, kapena mnyamata amene anapita kawiri ku msika wa Soweto kukagula kabichi. Koma nkhuni zithe tsiku lachiwiri, muone mmene anthu amabalalikira. Wandale amafuna kujambulidwa ataima pambali pa ndege yankhondo. Sitima ya mapaipi siibweretsa mavoti. Ifenso pa perete timaombera m'manja ndege zikamadutsa, galimoto ya madzi ikamabwera kumapeto tayamba kale kufunafuna basi.

China yekha ndiye anaona msanga. Mu Disembala 2008 anatumiza koyamba sitima zankhondo ku Gulf of Aden kukalimbana ndi achifwamba a panyanja a ku Somalia. Zinali zitatu: Wuhan, Haikou, ndi ya kamba yotchedwa Weishanhu. Chiyambire pamenepo magulu akhala akusinthana kumeneko, lililonse ndi sitima yake ya kamba, ndipo kumeneko ndi kumene amalinyero a China anaphunzirira kukhala miyezi kutali ndi kwawo. Mu 2017 anatsegula malo awo a asilikali ku Djibouti, chaka chomwecho n'kulandira Hulunhu, sitima ya kamba yaikulu ndi yothamanga yoti izitha kuyenda limodzi ndi zonyamula ndege. Kumayambiriro kwa 2025 sitima zitatu za China zinazungulira Australia, nyuzipepala za kumeneko n'kuchita phokoso ndi mizinga ya Zunyi ndi Hengyang. Yachitatu inali Weishanhu yomwe ija ya 2008. Popanda iyo, ziwiri zinazo zikanayenera kupempha doko kwa eni nyanja.

Kupempha doko si nkhani yaing'ono. Mu 2016 sitima yonyamula ndege ya Russia, Admiral Kuznetsov, ili pa ulendo wa ku Syria, gulu lake linayembekezera kumwa mafuta pa doko la Spain la Ceuta, mayiko a NATO anadandaula, ndipo mwayiwo unatha. America nayo mu Okutobala 2000 inataya amalinyero 17 pamene sitima ya Cole inaphulitsidwa ikumwa mafuta pa doko la Aden. Doko la mnzako lingakukane, lingakuike pangozi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mwina mukuti zonsezi ndi za eni nyanja, ife a Lusaka zikutikhudza pati. Funsani agogo amene anali ndi galimoto mu 1966. Ian Smith, mtsogoleri wa azungu a ku Rhodesia (lero Zimbabwe), atalengeza ufulu wake wa zigawenga pa 11 Novembala 1965, mayiko anamuletsa mafuta, ndipo poti mafuta a Zambia ankadzera ku Rhodesia, ifenso tinauma nawo. Petulo anayamba kugulitsidwa mochita kugawa. Ndege za Britain, Canada ndi America zinkabweretsa mafuta m'migolo. Malole ankalimbana ndi matope a Great North Road kuchokera ku Dar es Salaam, msewu umene madalaivala anautcha Hell Run, womwewo alamu anga amayendamo lero uli ndi phula. Dziko longobadwa kumene, la mkuwa wambiri, linaona kuti ufulu wake unali m'migolo. N'chifukwa chake Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anathamangira kumanga paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatha mu 1968, kenako njanji ya TAZARA yofika ku Kapiri Mposhi.

Nthawi yomweyo panyanja panali nkhani ina imene sitiphunzitsa ana kusukulu. Kuyambira mu Marichi 1966 mpaka mu Juni 1975, sitima zankhondo za Britain zinkalondera kunja kwa doko la Beira kuti sitima za mafuta zisakatsitse mafuta a Smith. Zaka 9. Pafupi panalibe doko lawo, Mozambique anali m'manja mwa Apwitikizi amene ankagwirizana ndi Smith. Sitima yonyamula ndege ya Eagle inakhala masiku 71 osaponda doko. Chinawasunga pamenepo ndi sitima za kamba za Royal Fleet Auxiliary zimene zinkabwera ndi mafuta, chakudya ndi makalata. Ulondawo kunena zoona sunamugwetse Smith, mafuta ake ankalowera ku Lourenço Marques (lero Maputo) ndi ku South Africa, ndipo amene amati Britain ankangochita zodzionetsera ali ndi mfundo. Koma taonani phunziro lake kumbali yathu. Dziko lakutali linatha kuima pakhomo la doko la m'dera lathu zaka 9 chifukwa linali ndi wonyamula kamba. Lero Beira ndi limodzi mwa madoko amene mafuta ndi feteleza wathu zimadzera.

Britain yemweyo anaonanso mbali yowawa mu 1982 pa nkhondo ya Falklands, makilomita pafupifupi 13,000 kuchokera kwawo. Pa 25 Meyi mzinga wa Argentina unagunda Atlantic Conveyor, sitima ya katundu chabe. Anthu 12 anafa, ndipo mahelikoputa atatu akuluakulu a Chinook mwa anayi amene inanyamula anapsera momwemo, pamodzi ndi ena asanu ndi limodzi a Wessex. Asilikali amene anayenera kunyamulidwa pa ndege anayenda pansi makilomita pafupifupi 90 m'chisanu ndi m'madambo, katundu ali kumsana. Sitima zankhondo zinamira zingapo pa nkhondoyo ndipo zina zinalowa m'malo mwake. Ma Chinook amene anapsera mu ya katunduyo analibe olowa m'malo mpaka nkhondo inatha.

Tsono tibwere kwathu. Kuyambira ku Angola kuzungulira ku Cape mpaka ku Tanzania, sitima yeniyeni ya kamba ndi imodzi, Drakensberg ya South Africa. Inamangidwa ku Durban ndipo inayamba ntchito mu 1987. Mbiri yake ndi imene inanditembenuza maganizo. Mu 2006 makina a pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Koeberg atawonongeka, Cape Town ili mumdima umene ife a Lusaka timaudziwa bwino, Drakensberg ndiyo inabweretsa kuchokera ku Ulaya chitsulo cholemera matani pafupifupi 200 chosinthira. Achifwamba a ku Somalia atafika mpaka m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, n'kulanda sitima ya asodzi ya Vega 5 mu Disembala 2010, South Africa inayamba kulondera kumeneko mu 2011, ndipo mu Epulo 2012 Drakensberg inathandiza asilikali a Tanzania kugwira gulu la achifwamba. Sitima ya mapaipi, yopanda ulemerero, inagwira ntchito ya lole, ya polisi ndi ya nkhokwe. Kwa zaka zingapo tsopano yakhala ili pa doko la Simon's Town kudikira kukonzedwa.

Yerekezani ndi zimene anachita anansi athu a ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola mwachinsinsi ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, zina zogulira maboti a usodzi ndi maboti othamanga olondera gombe. Ambiri mwa mabotiwo anachita dzimbiri pa doko. Chuma cha dziko chinagwa ngongoleyo itaululika mu 2016, ndipo nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Mu Ogasiti 2020 zigawenga zinalanda doko la Mocímboa da Praia n'kukhalamo chaka chathunthu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto lalikulu pamenepo linali kuba, sindikutsutsa. Koma ngakhale pakanapanda kubedwa ngwee imodzi, boti lothamanga lopanda wolipatsa mafuta, wolikonza ndi wolidyetsa anthu ake limangokhala chokongoletsera doko.

Ndiye kumbukirani Marichi 2019, namondwe Idai atasasantha Beira, misewu itaduka, anthu ali pa madenga ndi m'mitengo ku Buzi. Sitima zoyamba kufika kudzathandiza zinali zitatu za India, Sujata, Sarathi ndi Shardul, zimene zinali pa ulendo wophunzitsa ana a sukulu ya usilikali n'kupatukira kumeneko. Tiwathokoze. Koma zinangochitika mwamwayi kuti zinali pafupi. Chimene Beira inkasowa sabata imeneyo ndi madzi akumwa, dizilo wa majenereta a chipatala, malo oteramo ndi kumwetsera mahelikoputa, madokotala, ndi maboti ang'onoang'ono. Chilichonse pa mndandandawo chimapezeka pa sitima ya kamba. Pambuyo pa Idai panabwera Kenneth chaka chomwecho, mu 2023 Freddy amene anapha anthu ambirimbiri ku Blantyre ndi maboma ozungulira. Anamondwe amenewa sanatsanzike.

Chimene ndikupempha si chakuti Zambia agule sitima yankhondo. Asilikali athu a pamadzi ali ndi ntchito yokwanira pa Mweru, pa Tanganyika ndi pa Kariba. Ndikupempha kuti mayiko a SADC akhale ndi sitima imodzi ya kamba ya onse, kaya pokonza Drakensberg, kaya potsata njira ya Canada. A Canada atatopa n'kubwereka, anatenga sitima wamba ya makontena yotchedwa Asterix, kuisintha ku Quebec, n'kuyamba kuigwiritsa ntchito mu 2018 pochita lendi, oyendetsa ake ali anthu wamba. Sinali yotchipa, koma inabwera msanga kuposa kumanga yatsopano. South Africa ali ndi madoko okonzera sitima ndi amalinyero. Mozambique, Tanzania, Namibia ndi Angola ali ndi gombe. Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Botswana ali ndi katundu amene amadutsa m'madzi amenewo, ndipo ali ndi manesi, madokotala, amakaniko ndi oyendetsa mahelikoputa amene angakwere nawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo takhala tikuyembekeza kuti South Africa asenze yekha denga limene tonse timabisalamo mvula.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindizipeputsa. Yoyamba ndi ndalama. Dziko lino linalephera kubweza ngongole mu Novembala 2020, mu 2024 chilala chinaumitsa Kariba mpaka tinkakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo mayi amene wauzidwa kuti akagule yekha mankhwala ku famase sangamve za sitima ya ku Simon's Town. Ndikumumvetsa. Koma chaka cha chilala chomwecho chinationetsa kuti magetsi akapita, chigayo, butchala, saluni ndi chipatala zonse zimapumira dizilo, ndipo dontho lililonse la dizilo ameneyo limafika pa sitima ya panyanja lisanalowe mu paipi ya TAZAMA kapena mu thankala ya alamu. Pamene a Houthi a ku Yemen anayamba kuombera sitima pa Red Sea kumapeto kwa 2023, makampani akuluakulu anasiya njira ya Suez n'kumazungulira ku Cape, ulendo n'kutalika, mtengo wonyamulira katundu n'kukwera. Ife timangomva mtengo watsopano pa wailesi kumapeto kwa mwezi ngati kuti umagwa kumwamba. Gombe tilibe, koma nyanja imatilipiritsa mwezi ndi mwezi.

Mfundo yachiwiri ndi yopweteka kwambiri: SADC imeneyo ingasunge sitima? Gulu la asilikali limene inatumiza ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2021, momwe munali a Zambia ndi a Malawi, linachoka mu 2024 ndalama zitavuta. La ku Goma, kum'mawa kwa Congo, linatuluka mu 2025 pa msewu kudzera ku Rwanda, mzinda utagwa kale m'manja mwa gulu loukira boma la M23. Munthu angati, olephera kudyetsa asilikali pamtunda akadyetsa sitima? Ine ndikuona kuti nkhani ziwirizi zili kumbali yanga. Anyamata athu kumeneko sanachepe mtima. Chinachepa ndi ndege, mafuta, zipolopolo ndi njira yozifikitsira. Timatumiza mkondo, kamba n'kumuiwala pakhomo. SADC yayamba kumanga nkhokwe ya zida za gulu lake la asilikali ku Rasesa m'dziko la Botswana, chimene chili chinthu chanzeru, koma Rasesa ili pakati pa mtunda, ndipo mavuto athu ambiri a posachedwa, Palma, Mocímboa, Beira, afikira ku gombe. Ngati tikuopa kuti ndalama zidzadyedwa, malamulo a kasungidwe kake alembedwe poyera, nyumba za malamulo za mayiko onse osonkha ziziona mabuku chaka ndi chaka. Za Ematum zinatheka chifukwa nyumba ya malamulo sinauzidwe.

Yachitatu ndi ya akatswiri. Amati sitima ya kamba yopanda sitima zankhondo zoiyamwa ndi mayi wopanda ana, poti sitima zinayi zikuluzikulu za South Africa nazonso zimakhalitsa pa doko. Amatinso masiku ano a madroni, chisitima chodzaza mafuta ndi chandamale chosavuta. Zoona, pa nkhondo ya mayiko akuluakulu ndi mmene zilili, ndipo ngakhale America akuvutika: sitima zake zikatha mizinga zimayenera kubwerera ku doko, ndipo kuyesa kuika mizinga yotere zili panyanja anakuchita mu Okutobala 2024 pa sitima ya Chosin. Britain anachita kubweza sitima yake ya Diamond kuchoka ku Red Sea mpaka ku Gibraltar kukatenga mizinga ina. Koma ife sitikukonzekera kumenyana ndi China kapena America. Adani athu panyanja ndi namondwe, achifwamba, ozembetsa mankhwala ozunguza bongo, ndi sitima zakunja zokokolola nsomba usiku. Olimbana nawo ndi timaboti ta Mozambique ndi Tanzania timene timatha masiku owerengeka panyanja n'kubwerera kukamwa mafuta, mbala n'kupeza mpata. Timaboti totere ndi timene timapindula kwambiri pakakhala mayi woyandama pafupi. Boti limodzi lokhala panyanja masabata atatu limagwira ntchito ya maboti atatu othamangira ku doko.

Ndikanakonda phungu mmodzi yekha, wa boma kapena wotsutsa, aimirire ku nyumba ya malamulo ku Manda Hill afunse nduna ya zachitetezo mafunso awiri: pa katundu wathu yense wodutsa m'nyanja ya Mozambique, ndani amamulondera, ndipo ife timasonkhapo zingati? Akasekedwa, asekedwe. TAZAMA nayo inamangidwa dziko litauma kale, migolo ikutsika m'ndege.

Lolemba madzulo, alamu akukonzekera kunyamuka, mlongo wawo akuwaikira nkhuku yokazinga ndi mabanzi m'kabokosi, mwana uja anabweranso ndi foni. Anali atapeza chithunzi cha Drakensberg.

"Koma ndi yonyasa, amalume."

Alamu anaiyang'anitsitsa, chala chili pa mapaipi aja. "Imanyamula angati?"

Ndinawauza kuti mafuta okha ndi matani 5,500. Anatenga bolopeni n'kuyamba kuwerengera kumbuyo kwa pepala la pa boda, milomo ikugwedera, kusandutsa matani kukhala malita, malita kukhala maulendo, awiri pa mwezi ngati pa Nakonde zayenda bwino.

"Zaka 8 ndili pa msewu," anatero, "kuti ndiidzaze kamodzi." Anapinda pepalalo, kuliika m'thumba la shati, n'kufunsa mlongo wawo ngati waikamo tsabola.